Njira yoyenda pansi ya ku Boston ili ndi phunziro pa BP ndi shuga

Mumzinda wa Boston ku America, womwe ndi doko lakale la m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, muli mzere wofiira womwe anauyala pansi ndi njerwa. Mzerewu amautcha Freedom Trail. Ndi wotalika makilomita 4 ndipo umalumikiza malo 16 a mbiri ya mzindawo. Umayambira papaki ya Boston Common, yomwe inakhazikitsidwa mu 1634, n'kudutsa panyumba ya Paul Revere ndi tchalitchi cha Old North Church. Kenako umaoloka mtsinje wa Charles kukafika padoko pomwe pali sitima yankhondo ya USS Constitution, yomwe inalowa m'madzi mu 1797, komanso pachipilala cha Bunker Hill.

Ganizo la njirayi linachokera kwa mtolankhani William Schofield mu 1951, pofuna kuti alendo asamasochere akamafuna malo akalewa. Koma ife a zaumoyo tikaiona, tikuonamo yankho la vuto lomwe limatisowetsa mtendere m'zipatala.

Tsiku ndi tsiku timauza odwala BP ndi shuga kuti azichita masewera olimbitsa thupi. Amavomera mwaulemu, koma akafika kunyumba sadziwa poyambira. Gogo wa zaka 65 sangakalowe m'bwalo la mpira, ndipo mayi wogulitsa tomato alibe ndalama yolipira kumalo ochitira majowajowa. Langizo lopanda njira yake limathera pakhomo la chipatala.

Njira ya ku Boston ikuchotsa zifukwa zonsezi. Kuyendamo n'kwaulere, ngakhale kuti malo ena amalipiritsa polowa mkati. Sipafunika wokutsogolera chifukwa mzerewo ndiwo ukuonetsa kolowera. Aliyense amayenda pa liwiro lake, akatopa amapuma, akafuna amathera panjira n'kudzapitiriza mawa. Chachikulu n'chakuti munthu amakhala ndi chomwe akukaona, choncho saona ngati akuyenda mopanda cholinga.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 tsiku lililonse. Mphindi 150 ndi theka la ola kwa masiku asanu. Ulendo wa makilomita 4 umatenga pafupifupi ola, choncho maulendo atatu pa sabata akwana. Munthu akamayenda mwandawala, minofu imakoka shuga wochuluka m'magazi, mtima umalimba, ndipo mitsempha ya magazi imamasuka moti BP imatsika pang'onopang'ono.

Ena anena kuti Amalawi timayenda kale mokwanira. Kumudzi n'zoona ndithu, pakuti kumunda, kuchigayo ndi kumjigo onse ndi maulendo apansi. Koma m'tauni zinthu zasintha. Kabaza amatitenga pakhomo n'kukatisiya pakhomo, ndipo ambiri timaswera pampando. Komanso okalamba ndi odwala, omwe akufunika kuyenda kwambiri, ndi amene timawauza kuti akhale pansi apume.

Ena adandaula za ngozi zapamsewu, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. N'chifukwa chake njira iyenera kusankhidwa ndi anthu a m'deralo, odziwa makwalala opanda galimoto zambiri, pomwe pali mthunzi ndi pokhala.

Malo oti tione sitikusowa. Ku Mangochi kuli chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Gwendolen ndi chikumbutso cha anthu omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, zonse pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Ku Nkhotakota kuli mtengo womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Mudzi uliwonse uli ndi zake: chitsime chakale, bwalo la mfumu, sukulu yoyamba.

Mavolontiya a zaumoyo, yambani ndi inu. Khalani pansi ndi mfumu komanso akuluakulu odziwa mbiri, sankhani malo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo pakani penti pamiyala kapena pamitengo kuti njira izioneka. Makolo, tengani ana Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakwere, muziwafotokozera za malowo.

Pali zoyenera kusamala. Yendani pa liwiro loti mutha kulankhula koma simungathe kuimba. Tengani madzi akumwa. Wodwala shuga avale nsapato zomukwana bwino, atenge kachakudya m'thumba, ndipo akabwerako aone ngati mapazi alibe bala. Amene akumva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo aime pomwepo n'kupita kuchipatala. Ndipo kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala omwe munalandira, pitirizani kumwa.

Amene simunazolowere yambani ndi mphindi 10, sabata yamawa muonjezere. Pang'onopang'ono ndi mtolo.