Alifu Tidamulandira, Nanga "Ndi" Adatilakwira Chiyani?

Pali chinthu chimodzi chimene ife Asilamu a m'mphepete mwa nyanja sitichitira ulesi. Mwana akangoyamba kulankhula bwino timamutumiza ku madrasa, ndipo akabwerako timamumvetsera akutchula alifu, ba, ta. Akalakwitsa, ngakhale agogo amene maso adafooka amamukonza ali pamkeka. Koma mwana yemweyo akabwera ndi buku la Chichewa la Sitandade 1, nyumba yonse imangoti zii. Timati imeneyo ndi ntchito ya aphunzitsi.

Aphunzitsi ake ati? Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulayimale zidakhala zaulere, makalasi oyambirira adadzaza, ndipo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ndi ana oposa 100. Mwana wathu, amene mwina kunyumba amalankhula Chiyao, amakhala kumbuyo n'kumayankhira limodzi ndi anzake. Pakamwa pakuyenda, koma maso sanagwire kanthu.

Chimene chimamugwetsa si mawu aatali ayi. Ndi timawu tating'ono topezeka pafupifupi mumzere uliwonse: ndi, kuti, ali, pa, ku, mu, koma, ndipo. Chichewa chimawerengeka monga chilembedwera, choncho mwana ayenera kuyamba ndi maliwu ndi maphatikizo, pamenepa sititsutsa. Koma ngati ali mu Sitandade 3 akadaimabe pa "kuti" n'kumalumikiza ku ndi ti, mphamvu zake zonse zimathera pomwepo, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Timawu timeneti ayenera kutizindikira mongotiona, monga momwe msodzi amazindikirira bwato lake pakati pa mabwato ambiri padoko. Chingerezi ndiye chovuta koposa: the, one, said ndi was satchulidwa monga alembedwera, ndipo mayeso a Sitandade 8, kupatula a Chichewa, amalembedwa m'chinenero chimenecho.

Ena amati, "Ife sitidapite kusukulu." Chifukwa chake tikuchidziwa. Makolo athu ambiri adakana sukulu za mishoni poopa kuti ana awo abatizidwa, ndipo mantha awowo sanali opanda pake. Koma nthawi imeneyo idapita, ndipo luso lofunikalo tili nalo kale. Amene adaphunzira kuti chilembo chikalandira fatha, kasra kapena dhamma chimatchulidwa ba, bi, bu, maphatikizo akuwadziwa. Amene adakhala pamaso pa mwalimu akubwereza mzere umodzi kufikira utakhazikika akudziwa kuti pang'ono tsiku ndi tsiku ndi pamene pamakhala phindu. Mayi wosadziwa zilembo za kusukulu angauze mwana wamkulu kuti alembe mawu asanu ndi khala pa zidutswa za katoni, iye n'kukhala woyang'anira, pakati pa Magharibi ndi Isha.

Tinene ndi chowawa chomwe. M'madrasa mwathu muli chizolowezi chimene sitiyenera kuchitengera kuno: mwana woloweza ndi khutu, chala chili pamzere wina, pakamwa pakutuluka mzere wina, ife n'kumanyadira. Kuloweza Qur'an ndi ulemu waukulu, koma kuwerenga ndi ntchito ya diso. Choncho zidutswazo zizisakanizidwa tsiku lililonse, kuti mwana asamaimbe ndondomeko koma aziona mawu. Afufuze "ndi" pa chikwangwani cha kuchipatala ndi m'magazini ino. Awalembenso pamchenga, popeza mchengawo sitigula.

M'mahutuba a Lachisanu timakumbutsana kuti lamulo loyamba limene Mtumiki (SAW) adalandira kuphanga la Hira linali la kuwerenga, ndipo tonse timagwedeza mitu. Lolemba likafika timatuma mwana kukayanika usipa pathandala belu la sukulu likulira. Mwana ameneyo akadzakula adzapereka pepala la malo a makolo ake kwa munthu wina kuti amuwerengere, n'kudinda chala pamene amulozera.