Galimoto ikamakokera mbali imodzi, alayimenti idikire kaye

Munthu akangodandaula pagalaja kuti galimoto yake ikukokera kumanzere kapena kumanja, yankho limatuluka asanamalize kufotokoza: "Imeneyi ikufuna alayimenti, bwana." Mwini galimoto amalipira, magudumu amamangiriridwa zoyezera, kompyuta imaonetsa manambala obiriwira, koma pofika pamsewu chiwongolero chimayambanso kulimbana ndi mikono yake. Vuto si loti alayimenti ndi yachabechabe. Vuto ndi loti taiika patsogolo pomwe malo ake ndi kumapeto, zinthu zina zotchipa kufufuza zitayamba zaonedwa. Kutsata ndondomeko imeneyi kungapulumutse ndalama za madalaivala ambiri, ndipo nthawi zina kungaulule vuto loopsa lomwe makina oyezera magudumu sangalione n'komwe.

Woyamba kumukayikira ndi msewu weniweniwo. Msewu wa phula saumanga wathyathyathya. Pakati pamakhala potukuka pang'ono kuti madzi a mvula azitsikira m'mbali. Poti kuno timayenda kumanzere, galimoto yabwinobwino imatsetserekera pang'onopang'ono kumanzere dalaivala akafewetsa manja. Pamisewu yomwe mathiraki olemera anakumba tinjira m'phula, monga zimaonekera m'zigawo zina za msewu wa M1, matayala amatsatira tinjirato ndipo galimoto imakhala ngati ili ndi maganizo akeake. Choncho kuyesa koona kumachitikira pamalo osalala, opanda magalimoto ena, paliwiro lochepa. Galimoto ikayenda mowongoka pamenepo, palibe choti mulipirire.

Ikakokabe, pitani ku matayala. Tayala lakutsogolo lomwe lachepa mpweya limafupika pang'ono ndiponso limakhudza msewu kwambiri, motero galimoto imakhotera mbali yakeyo. Mlingo woyenera wa mpweya analemba kale pakapepala komata pafelemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo umayezedwa matayala asanatenthe ndi ulendo. Chikhalirecho ambiri timayeza ndi maso, ena ndi chidendene cha nsapato. Nkhani imakula tikafika pa matayala a kaunjika, omwe ndi omwe thumba la anthu ambiri limakwanitsa. Si zachilendo kuona galimoto ili ndi matayala anayi a makampani anayi, lina lotha, lina lamano akuthwa, lina la saizi yosiyana pang'ono. Ndipo tayala lakale lili ngati chikomekome cha mkuyu: kunja mano alipo, m'kati mawaya anasuntha kalekale, moti pogubuduka limakankhira mbali imodzi. Zaka zake sizibisika. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Akalemba 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Njira yogwirira tayala lolakwa ndi yosavuta: sinthanitsani akutsogolo awiriwo, lakumanja lipite kumanzere. Galimoto ikayamba kukokera mbali inayo, kapena ikasiya kukoka, mlandu watha, ndipo palibe alayimenti yomwe ikanachiza. Chosamala n'chakuti matayala ena ali ndi kamuvi kosonyeza mbali yomwe ayenera kuzungulira. Amenewo mungawasinthanitse poyesa kokha, kenako abwerere m'malo mwake.

Funso lomwe makaniko wabwino amafunsa, ndipo ochepa ndiwo amafunsa, ndi lakuti: imakoka nthawi yanji? Galimoto yokoka pokhapokha mwaponda buleki ikukuuzani kuti mabuleki a mbali imodzi akugwira kuposa anzake, ndipo imathamangira mbali yomwe ikugwirayo. Wolakwa nthawi zambiri ali mbali inayo, komwe mwina mapadi anyowa ndi mafuta kapena pisitoni yachita dzimbiri. Yokoka nthawi zonse, gudumu limodzi likutentha modabwitsa ndi kununkha ngati chopserera mutayenda pang'ono, ili ndi buleki yomwe siikumasuka. Izi zimachitika kalipa ikauma kapena paipi ya labala ya mafuta a mabuleki ikafooka m'kati n'kumatsekereza mafuta pobwerera. Yokoka mukaponda moto n'kubwerera mukachotsa phazi nthawi zambiri ili ndi mabushi otha, omwe akulola gudumu kusuntha injini ikakoka. Zonsezi makina a alayimenti sangazione, pakuti amayeza galimoto itaima chilili, buleki yosaponda, injini yosakoka.

Tsono alayimenti yeniyeniyo imakonza chiyani? Pali miyezo itatu. Toe ndi mmene magudumu ayang'anirana, ngati munthu woponda zala zili m'kati kapena kunja. Camber ndi kupendekeka kwa gudumu mukaliona kuchokera kutsogolo. Caster ndi kupendekeka kwa msana womwe gudumu limakhoterapo, umene umabweza chiwongolero pakati mukamaliza kukhota. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Toe ikalakwika imadya matayala msanga ndi kupotoza chiwongolero, koma yomwe imakokera galimoto mbali imodzi kawirikawiri ndi camber kapena caster ikasiyana pakati pa kumanja ndi kumanzere. Ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan omwe adzaza m'misewu mwathu, a mtundu wa Vitz ndi anzake, chomwe anasiya kuti chizisinthidwa mosavuta kutsogolo ndi toe yokha. Camber kapena caster ikapezeka yasiyana pa galimoto yotere, tanthauzo lake n'lakuti china chake chapindika kapena chatha: mwina shock inakhota pomenya dzenje, mwina mkono wogwira gudumu, mwina ball joint yayamba kugwedera. Wogwira sipanala angapotokole tie rod mpaka chiwongolero chioneke chowongoka, koma chitsulo chopindikacho chili pomwepo.

Ena anganene kuti ndi maenje a m'misewu yathu, makamaka dzinja likadutsa, palibe galimoto yomwe alayimenti yake ili bwino, ndiye kuyambira pamenepo si kutaya ndalama. Mfundoyi ili ndi mutu. Maenje amasokonezadi miyezo, ndipo pepala lotuluka m'makina abwino ndi umboni wothandiza kwambiri, chifukwa limaonetsa mbali yomwe yapindika. Komatu dzenje lomwelo ndi lomwe limatupitsa tayala, kupinda rimu ndi kumasula tie rod end. Kuyeza galimoto yomwe zitsulo zake zikugwedera n'kungodzinamiza, pakuti manambala omwe mwaika lero amasuntha mukangokwera hampu yoyamba. Ngakhale mpweya wosiyana m'matayala umapendeketsa galimoto n'kunamiza makinawo. N'chifukwa chake galaja yodziwa ntchito imayamba yayeza mpweya, kukweza galimoto pajeke ndi kugwedeza gudumu lililonse isanayatse kompyuta. Yomwe imalandira ndalama osachita zimenezi ikugulitsa pepala.

Enanso anganene kuti mwini galimoto si makaniko, asiye ntchito kwa eni ake. Zoonadi, palibe akufuna kuti aliyense azimasula mabuleki pakhomo, ndipo kulowa pansi pa galimoto yomwe yangotsamira jeke yekha n'kuika moyo pachiswe. Koma dalaivala ndi yekhayo amadziwa nthawi yomwe galimoto imakoka, tsiku lomwe zinayamba, komanso ngati zinayamba atamenya dzenje, atagula tayala lina kapena atasinthitsa mapadi. Akafika pagalaja ndi mawu akuti "ikukoka" okha, wasiya makaniko kuti alote, ndipo wolota amasankha ntchito yomwe ili ndi mtengo wodziwika kale. Akafika n'kunena kuti mpweya ndayeza, matayala ndinasinthanitsa koma sizinasinthe, imakokera kumanja ndikaponda buleki, theka la ntchito latha ndipo n'kovuta kumugulitsa zomwe sakufuna.

Gulu lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la omwe anazolowera. Madalaivala ambiri, a minibasi ndi matakisi makamaka, amangolimbitsa mkono n'kumapitiriza ulendo, poti tsiku lopita kugalaja ndi tsiku lopanda ndalama, ndipo COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chomata pagalasi, ikadali ndi masiku. Koma COF imachitira umboni za tsiku lomwe galimoto inayesedwa. Siidziwa za dzenje lomwe munamenya sabata yatha. Kukoka pang'ono komwe mkono umagonjetsa pamsewu wouma kumasanduka china dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi pamsewu wonyowa, galimoto itadzaza anthu. Ikathamangira kumanja ikukumana ndi zobwera kutsogolo, ikathamangira kumanzere ndi komwe kumayenda a kabaza, ana a sukulu ndi amayi osenza katundu. Ndipo ngati gwero lake ndi ball joint kapena tie rod end yomwe yatsala pang'ono kuguluka, ikagulukadi gudumu limagona kapena kuloza kwina, chiwongolero n'kungozungulira m'manja mwa dalaivala osalamulanso kanthu.