Masewera Amene Satha ndi Msampha

Achinyamata anzanga, sabata ino ndabwera ndi mkangano. Nkhani yake ndi ya masewera a pafoni ndi pakompyuta amene tonse timawatcha magemu, makamaka mtundu uja wa RPG, momwe wosewera amasanduka munthu wa m'nkhani, namuyendetsa m'dziko lopeka, namusankhira zochita, namuona akukula mphamvu pang'onopang'ono. Aliyense amene anakhalapo podikira foni yake potchajitsa pamsika wa Khonjeni wamvapo mmene anyamata amayamikirira magemu. Muyeso wawo ndi umodzi: zithunzi. Gemu ikakhala yowala ngati kanema, basi yapambana. Kumbali inayo kuli makolo athu amene amati magemu onse ndi kutaya nthawi, foni ilandidwe. Ine ndikutsutsa mbali zonse ziwiri, koma mkwiyo wanga waukulu uli pa muyeso wa zithunziwo.

Muyeso wanga ndi uwu: kodi gemuyo imatha? Agogo akamatiimbira nthano madzulo, inkayamba ndi padangotero, ife n'kumavomera kuti tili tonse, ndipo inkafika pothera. Kalulu akagwidwa kapena akapulumuka, tinkapita kukagona tili ndi kanthu m'mutu. Bawo nayenso amatha. Wina akagonja anthu amaimirira n'kukagwira ntchito zina. Gemu ya RPG yabwino ndi nthano imene umayendamo wekha, ndipo iyenera kukumasula ikatha. Imene inapangidwa kuti isathe, cholinga chake si kukusimbira nkhani. Cholinga chake ndi kukusunga.

Titenge Genshin Impact, imene kampani ya miHoYo ya ku Shanghai inatulutsa mu 2020. Sindikana, ndi yokongola. Dziko lake la Teyvat ndi lalikulu, nyimbo zake n'zokoma, ndipo kuitsitsa sikulipiritsa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Imafuna foni yamphamvu imene ambiri a ife tilibe, imadya malo ochuluka kwambiri m'foni, ndipo siseweredwa popanda intaneti, kutanthauza kuti bandulo iyenera kugulidwa nthawi zonse. Choipa koposa ndi njira yopezera anthu amphamvu a m'gemumo. Sugula munthu amene ukumufuna ayi. Umachita mayere. Kukoka kamodzi kumafuna timiyala 160 totchedwa Primogem, ndipo mwayi woyambira wopeza munthu wa nyenyezi zisanu ndi 0.6 peresenti, ndiko kuti kasanu ndi kamodzi pa maulendo 1,000. Pofika ulendo wa 90 umapeza ndithu, koma akhoza kukhala wina osati amene unkamufuna, ndipo zikatero ungafike mpaka 180.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tintchito ta tsiku ndi tsiku ta m'gemumo timapereka timiyala 60. Maulendo 90 amafuna timiyala 14,400. Ukadalira tintchitoto pokha, ndi masiku 240 osajomba. Zoona, pali njira zina zopezera timiyala m'nkhani ndi m'mipikisano, koma mtima wa dongosololi ndi womwewo: bwera tsiku lililonse, ndipo ukatopa kudikira, tulutsa ndalama. Ife ana a ku Thyolo timadziwa tanthauzo la kulawirira tsiku ndi tsiku. Amayi athu ndi abambo athu amalowa m'minda ya tiyi mame asanakamuke, dengu kumsana, kutchola masamba awiri ndi kansonga, ndipo masana dengu limapita pasikelo. Malipiro ake ndi ochepa, koma alipo. Mnyamata wa gemu ya mayere nayenso amalawirira, amatola, amawerengera, koma pasikelo pake ndi iye amene amalipira.

Wina anena kuti ndikukokomeza. Funsani dziko la Belgium, limene mu 2018 linagamula kuti mabokosi a mayere ogulidwa ndi ndalama m'magemu ndi njuga. Funsani bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, limene mu Januwale 2025 linagwirizana ndi kampani yofalitsa Genshin Impact kuti ilipire madola 20 miliyoni, ndiponso kuti isamagulitse mayerewo kwa ana osakwana zaka 16 popanda chilolezo cha makolo. Ndatchula gemu imodziyi chifukwa ndi yotchuka, koma ili ndi azibale ake ambirimbiri pa Play Store, ang'onoang'ono okwana m'mafoni athu otsika mtengo, onse ndi nyambo yomweyo pa mbedza yomweyo. Mukaona gemu yaulere ikukupatsani mphatso chifukwa chongolowa lero, dziwani kuti mawa idzakufunsani mangawa.

Tsono tisewere chiyani? Yoyamba imene ndikukulangizani ndi Shattered Pixel Dungeon, imene Evan Debenham wa ku Canada anayamba kuitulutsa mu 2014. Pa Android ndi yaulere, ilibe mayere, imatenga malo ochepa, ndipo ukaitsitsa kamodzi siifunanso intaneti. Umatsika m'phanga la nsanjika 25, kuyambira m'ngalande za zonyansa, kudzera m'ndende ndi m'migodi, kufunafuna chithumwa cha Yendor chimene chili pansi penipeni. Zithunzi zake ndi timadontho tosaoneka bwino, ndipo anyamata a pamsika adzaiseka. Koma palibe gemu imene imalanga phuma ngati iyi. Mankhwala amene watola sudziwa ntchito yake mpaka utawamwa kapena utawafufuza, chakudya chimatha, ndipo ukafa umayambiranso pamwamba wopanda kanthu. Zofooka zake ndi zoonekeratu: nkhani yake ndi yochepa, ndipo woyamba kumene amafa kambirimbiri asanaione nsanjika yachisanu. Komabe mdani sasuntha iwe usanasunthe, choncho amayi akakuitana umaika foni pansi osataya kanthu.

Amene akufuna nkhani yeniyeni afune Chrono Trigger, ya kampani ya Square ya ku Japan, ya mu 1995. Inapangidwa ndi akatswiri monga Hironobu Sakaguchi, Yuji Horii ndi wojambula Akira Toriyama, yemwe uja wa Dragon Ball. Mnyamata Crono ndi anzake Marle ndi Lucca amayenda m'nyengo zosiyanasiyana, naona dziko la m'tsogolo litasanduka bwinja chifukwa cha chilombo Lavos, nabwerera m'mbuyo kukakonza zinthu. Pali malo amodzi amene sindiwaiwala. Kumayambiriro, pa chisangalalo cha m'mudzi, ukhoza kudya chakudya cha nkhalamba ina kapena kubwezera kamtsikana mphaka wake wotayika, osadziwa kuti pali akukuona. Patsogolo Crono amaimbidwa mlandu, ndipo mboni zimabwera kudzanena zonse zimene unachita. Gemuyi imatha m'maola ongopitirira 20, ndipo ili ndi mathero oposa 10. Vuto lake ndi lakuti imagulidwa, ndipo kugula pa intaneti kumafuna khadi la kubanki ndi ndalama zakunja, zimene zinakwera mtengo kwambiri kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma ukalipira kamodzi, walipira basi.

Final Fantasy VII ya mu 1997, imene inayambira pa PlayStation ndipo inafikanso pa mafoni, ndi yaitali kuposa apo ndipo imafuna malo ambiri. Anthu ake amaoneka ngati zidole zosema ndi nkhwangwa yobuntha. Koma nkhani yake ndi ya kampani ya Shinra imene imayamwa moyo wa nthaka kuti ipange magetsi, olemera akukhala pamwamba pa mzinda wa Midgar, osauka ali pansi pomwe dzuwa silifika. Mwana wa boma lino, kumene nkhani ya kuchepa kwa malo olima siichoka pakamwa pa anthu, sadzafuna womumasulira. Ndipo mtsikana Aerith akafa pakati pa nkhaniyo, palibe ndalama imene ingamudzutse. Gemu ya mayere singayerekeze kukulanda munthu chonchi, popeza munthuyo ndi katundu amene inakugulitsa.

Ndisaiwale ya kwathu kuno ku Africa. Mu 2016 kampani ya Kiro'o Games ya ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, motsogozedwa ndi Olivier Madiba, inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan. Enzo, kalonga wa Zama, amalandidwa ufumu ndi mlamu wake pa tsiku la ukwati wake, ndipo iye ndi mkazi wake Erine amayenda limodzi kufunafuna mphamvu ya makolo awo. Zovala, nyimbo ndi maina zonse n'zachiafrika. Inatulukira pa kompyuta, choncho ambiri a ife tingaione pokhapokha titapeza mnzathu wa laputopu, ndipo kumenyana kwake kumafuna zala zachangu. Koma ndi umboni wakuti nthano zathu nazo zikhoza kuseweredwa. Ndani ananena kuti Napolo wa m'phiri la Mulanje sangakhale m'gemu?

Ndikudziwa chimene ena muyankhe: kuti inu mumasewera magemu a mayere osalipira ngakhale tambala. Chabwino. Nanga bandulo imagulidwa ndi masamba a nthochi? Nanga maola aja usiku, mayeso a MSCE ali pakhomo? Ndipo amene salipira ndi amene amadzaza bwalo kuti olipira akhale ndi owaonetsera zimene agula. Sindikunena kuti magemu amene ndawayamikira sangamudye munthu nthawi. Ngakhale bawo anagonetsapo mabanja ndi njala. Kusiyana kwake n'kwakuti awa ukawasiya sabata yathunthu sakulanga, ndipo tsiku lina amakuuza okha kuti nkhani yatha, pita.

Kwa makolo athu ndikupempha mwaulemu: musanalande foni, mufunseni mwanayo mafunso atatu. Gemu yako imatha? Imaseweredwa popanda intaneti? Imakupempha ndalama uli m'kati? Mayankho ake adzakuuzani zambiri kuposa kukalipa. Muonjezepo kuti magemu onsewa ali m'Chingerezi, ndipo mwana amene wawerenga nkhani ya Crono mpaka kumapeto wawerenga mawu ochuluka ndithu.

Kwa inu anzanga, sabata ino tsegulani foni, muyang'ane gemu iliyonse ili mmenemo, muifunse mafunso omwewo. Imene yalephera, ichotseni lero lomwe, ngakhale mwasonkhanitsamo timiyala ta miyezi itatu. Chisoni chimene mumve pochotsapo ndiye mbedza ija ikutuluka.