Madzi a Chia si ochiriramo mayi

Ana athu aakazi ayamba kufunsa za kuchirira m'madzi, zimene akuziona pa Facebook. Nkoyenera kuti tiwayankhe mosabisa.

Ndi zoona kuti m'zipatala za ku England mayi amaloledwa kukhala m'bafa la madzi ofunda matenda akayamba, ndipo ululu umachepa moti ena safunanso jakisoni wochititsa dzanzi. Komatu madziwo amakhala otetezedwa, kufunda kwake sikupitirira madigiri 37.5, ndipo namwino amamvetsera mtima wa mwana pafupipafupi.

Ife a ku Chia tisasokoneze zinthu. Madzi a m'nyanja yathu ndi ololedwa kuchitira udhu, koma chilolezo cha Shariya sichipha tizilombo ta likodzo, kapena ta kolera amene anatiliritsa mu 2022 ndi 2023. Mayi wochira amakhala ndi bala, khanda nalonso limakhala ndi mchombo wauwisi. Matenda sachedwa kulowa.

Abambo, udindowu ndi wathu. Masiku akayandikira, tiwaperekeze amayi kukadikirira kuchipatala. Ndipo pa Ijuma tisonkheko sadaka yoti m'chipinda chochiriramo musasowe madzi aukhondo ndi sopo. Moyo wa mayi ndi mwana ndi amana imene Allah adzatifunsa.