Seva ikayamba kutaya katundu panjira, funsani kaye chimene mwasintha

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene munapatsidwa makiyi a labu ya makompyuta chifukwa choti tsiku lina munapezeka mukudziwa kuyatsa pulojekita, nkhani iyi ndi yanu. Nanunso ana anga akale amene muli ku MUBAS ndi ku MUST werengani, mwina mungatikumbukire ife a kuno kunsi kwa Michesi.

Pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft anasiya kutumiza zigamba zaulere za chitetezo za Windows 10. Windows 11 nayo imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, komwe makompyuta akale ambiri amene timalandira ngati mphatso alibe. Ndiye kusintha sitikuthawa, ena apita ku Linux, ena kwina. Ine ndikuti sinthani ndithu, koma imvani kaye zimene zinatichitikira ife.

Pasukulu pathu tili ndi seva imodzi yosunga mapepala akale a mayeso a MANEB, mavidiyo a sayansi ndi Wikipedia ya pa Kiwix yosafuna intaneti. Pa holide tinafufuta dongosolo lake lakale n'kuikamo latsopano. Tinayesa, zonse zinali bwino, tinakhoma labu. Sukulu itatsegulidwa, ana a Fomu 4 atakhala pa makompyuta onse nthawi imodzi, vidiyo inkangoti kuyenda pang'ono n'kuima. Fayilo imene kale inkatsika munthu asanakhazikike pampando inkatha piriyodi yathunthu.

Mu stafu rumu aliyense anali dokotala. Wina akuti ndi netiweki ya foni, wina akuti magetsi ndi ofooka, wina akuti ana alowetsa vairasi ndi mafulashi awo. Za foni zinandiseketsa, chifukwa uthenga wochoka pa seva kupita kwa mwana sutuluka n'komwe m'chipindamo. Za khoswe kudya waya ndinaziganizira, koma khoswe sangadikire tsiku limene mwasintha dongosolo kuti ayambe ntchito.

Fayilo siyenda yathunthu pa waya. Imadulidwa m'timaphukusi, ndipo pa Ethernet kaphukusi kamodzi sikanyamula zoposa mabaiti 1,500. Ganizirani nandolo wopita ku Migowi pa njinga, thumba limodzi limodzi. Thumba likagwa panjira, dongosolo lotchedwa TCP limatumiza lina, koma limachepetsanso liwiro poganiza kuti msewu wadzaza. N'chifukwa chake kutaya timaphukusi tiwiri kapena titatu pa 100 si nkhani yaing'ono. Liwiro limagwa kwambiri kuposa mmene nambalayo ikuonekera.

Choyezera chake ndi ping, ndipo chili pa kompyuta iliyonse, chaulere. Ndinayeza madzulo labu ili mbee: timaphukusi 100 tinapita, 100 tinabwerera. Pang'onong'ono ndikanakauza ahedi kuti ana akungodandaula. Mawa lake ndinayezanso ana ali m'kati mokopera mafayilo, ndipo apa m'pamene tina tinayamba kusowa. Mukamayeza, yezani nthawi ya kalasi. Vuto lina limabisala njira ikakhala yopanda anthu.

Chimene chinaulula zonse ndi mzere umodzi wa ethtool pa seva: liwiro 100, Duplex: Half. Ndiye kuti khadi ya netiweki ya seva inkadziona ngati ili pa kamlatho kopapatiza, ngati timilatho tongoyembekezera tija tinkaolokerapo pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, pomwe wina amadikira mnzake adutse. Koma switch kumbali inayo inali pa Full, ikutumiza ndi kulandira nthawi imodzi ngati ili pa msewu wa magalimoto awiri. Anthu akachepa sagundana. Akachuluka, katundu amagwera m'madzi.

Zinatheka bwanji? Munthu amene anatimangira labuyi zaka zapitazo anatchera doko la switch pamanja, 100 Full, n'kutcheranso seva chimodzimodzi. Sanalakwe, zinkagwira ntchito. Ife pofufuta dongosolo lakale tinafufutira limodzi ndi tchero lakelo osadziwa. Khadi inabwerera ku chizolowezi chake chofunsa mnzake kuti tiyende bwanji, switch yotcheredwa pamanja sinayankhe, ndipo lamulo la Ethernet pa liwiro limeneli limati ukapanda kuyankhidwa tenga Half. Kukonza kwake kunali kubwezera mbali zonse ziwiri pa auto. Mphindi zisanu. Koma ana a mayeso anali atataya kale masabata atatu.

Anzanga ena anati tibwerere ku dongosolo lakale, linalibe chifukwa. Ndinakana. Seva imene sikulandiranso zigamba za chitetezo, ndipo tsiku lililonse ikulowetsedwa mafulashi ochokera m'mashopu ojambulira nyimbo, ikungodikira tsiku lake. Dongosolo latsopano silinali ndi mlandu. Mlandu unali wakuti chimene chinatcheredwa pa switch chinali m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anapita.

Ena amati izi n'za akatswiri, tiziitana a ku Blantyre. Chabwino, koma thiransipoti ndi alawansi yake ichokera m'thumba liti? Ndipo katswiriyo akafika ayamba ndi funso lomwelo: munasintha chiyani, liti, ndipo musanasinthe zinali bwanji? Ife aphunzitsi timalemba rejisitala tsiku lililonse, timalemba ma scheme, timalemba ngakhale makasu a ku munda wa sukulu. Labu yokha, chinthu chodula kuposa zonsezi, ilibe kope.

Yathu tsopano ili nalo, hadikava ya wamba yogula pa Boma. Tinalembamo adiresi ya IP ya makina aliwonse, waya uti ukupita pa doko liti, ndi chilichonse chotcheredwa pamanja. Tisanasinthe kanthu timalemba zotsatira za ping ndi ethtool, titasintha timalembanso, kuti tikhale ndi poyerekezera. Musanasinthe inu, onaninso draiva wa khadi ya netiweki ndi tchero lake losunga magetsi, chifukwa nazonso zimatha kusintha dongosolo likasinthidwa. Ndipo musasinthe chilichonse teremu ya mayeso a MSCE.

Lolemba lililonse ana awiri a Fomu 3 ndi amene amayeza ping n'kulemba m'kopemo. Sabata yatha mtsikana wina anandipeza ku stafu rumu n'kundiuza kuti, "Sala, kompyuta nambala 9 ikutaya." Tinapita kukaona. Ulendo uno anali khoswe ndithu.