Udhu wa Dhuhr ndi khungu la mwana



M'madrassa athu timaphunzitsa ana kuti thupi ndi amana, chinthu chimene Allah anatisungitsa. Lero tikambe za ana athu achialubino, amene dzuwa la kunyanja limawazunza ife tikuona.

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV. Cheza cha UVB chimawotcha pamwamba pa khungu, cha UVA chimalowa mkati. Ambirife khungu lathu lili ndi melanin, utoto umene umamwa chezachi. Mwana wachialubino ali nawo wochepa kwambiri, choncho zilonda za dzuwa zimachuluka ndipo zina zimasanduka khansa ya pakhungu. Kuno kwathu madzi ndi mchenga zimabwezanso kuwala, ndiye mwana amapsa ndi kumwamba ndi pansi komwe.

Mafuta oteteza ku dzuwa ndi amitundu iwiri. Ena ali ndi ufa wa zinc oxide kapena titanium dioxide, umene umakhala pakhungu n'kumamwa cheza chambiri, china n'kuchimwaza. Ena ali ndi mankhwala monga avobenzone, amene amamwa cheza n'kuchisandutsa kutentha pang'ono. Pabotolo yang'anani nambala ya SPF: 30 imatchinga pafupifupi magawo 97 pa 100 a UVB, pamene 50 imatchinga 98. Akatswiri akufufuzanso mankhwala amene ndere za m'madzi zimapanga podziteteza ku dzuwa.

Tsono vuto lathu Asilamu nali. Mwana adzola m'mawa, koma pofika Dhuhr achita udhu, ndipo madzi achotsa mafuta kumaso ndi m'mikono dzuwa lili paliwombo. Akatuluka mu mzikiti, khungu lili pambalambanda. Choncho amayi, mwana azinyamula botolo lake. Achite udhu bwinobwino kuti madzi akhudze khungu, aume, ndiye adzolenso, osaiwala makutu, milomo ndi m'khosi. Akhale akudzola maola awiri aliwonse, makamaka akasambira. Kofia saphimba makutu, choncho panjira avale chipewa chotambalala ndi malaya aatali manja. Mukaona chilonda chosapola, pitani kuchipatala msanga.

Aphunzitsi anzathu, tisamawerengetse ana panja popanda mthunzi. Sura ya Rum, ndime 22, imatiphunzitsa kuti kusiyana kwa makungu ndi chimodzi mwa zizindikiro za Allah. Mwana ameneyu ndi wathu, timusamale.

Wassalaam.