Khasu ndi la Mai, Nanga Munda ndi wa Yani?

Mu 1989 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo logawa cuma ca munthu womwalira osasiya wilu: ana alandire magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena odalira malemuyo 10. Koma lamuloli silikhudza minda yogawidwa ndi mafumu. Tsono mai wokwatiwa kumudzi kwa mwamuna, amene wapsa ndi dzuwa m'munda umenewo zaka makumi awiri, angathe kupirikitsidwa maliro atangotha. Alamu olandawo amati ndi mwambo. Bodza lamkunkhuniza! Mwambo wa makolo unali wolera ana amasiye, osati wowalanda nkhokwe. Aphungu akonze lamuloli, nawonso mafumu aleke kukhala cete.